Mawu a Chingerezi sayenda okha: zimene ziganizo zenizeni zimatiphunzitsa za galamala

Mwana amene wakulira ku Chikwawa kapena ku Nsanje amafika ku sekondale akudziwa kale ziyankhulo ziwiri kapena zitatu: Chimang'anja kapena Chisena cha kunyumba, Chichewa cha kusukulu ndi cha pa wailesi, ndiponso Chingerezi chimene wakhala akulimbana nacho m'kalasi kuyambira ali wamng'ono. Pa zonsezi, Chingerezi ndicho chimamudetsa nkhawa kwambiri, popeza satifiketi ya MSCE siperekedwa kwa wophunzira amene walephera phunziro limeneli, ngakhale atakhoza bwino masamu ndi sayansi. N'chifukwa chake aphunzitsi amathera miyezi yambiri pa malamulo a chiyankhulochi, monga nthawi za aneni, mitundu ya mawu ndi kugwirizana kwa mwininkhani ndi mneni. Komabe aliyense amene anachongapo zimangirizo za ana a Fomu 4, kapena kuwerengapo makalata ofunsira ntchito olembedwa ndi achinyamata a ku Nchalo, ku Ngabu kapena ku Bangula, amadziwa kuti munthu akhoza kuloweza malamulo onsewo n'kulembabe kuti "I am requesting for a job", "He explained me the problem" kapena "We discussed about the floods". M'ziganizo zimenezi nthawi ya mneni ili bwino, ndipo palibe mawu amene alembedwa molakwika, koma munthu wozolowera Chingerezi cha m'mabuku amamva kuti penapake papindika.

Chimene chapindika ndi kasanjidwe ka mawu amene mneni aliyense amafuna kuti amutsatire. Mneni "request" safuna mperekezi "for" pambuyo pake, pamene mneni "ask", amene tanthauzo lake ndi lofanana, amamufuna. Mneni "discuss" amalunjika pa chinthu chokambidwacho popanda "about", pamene "talk" sangafike pa chinthucho popanda "about". Palibe lamulo limodzi lalikulu limene lingamuuze wophunzira zonsezi, chifukwa mawu alionse ali ndi chizolowezi chawochawo, ndipo chizolowezicho chimadziwika pokhapokha munthu akasonkhanitsa ziganizo zambiri zimene anthu analankhula kapena kulemba pa zochitika zenizeni za moyo wawo, n'kuziyang'anitsitsa. Iyi ndi ntchito imene akatswiri a ziyankhulo akhala akugwira kwa zaka zoposa 60, ndipo zimene anapeza zinasintha kalembedwe ka madikishonale ndi mabuku a galamala. Ndikukhulupirira kuti zikuyenera kusinthanso kaphunzitsidwe ka Chingerezi m'sukulu zathu za kuchigwa kuno.

Kale olemba galamala ya Chingerezi ankadalira khutu lawo komanso Chilatini chimene anaphunzira ali ana. Bishopu Robert Lowth, amene buku lake la galamala linatuluka mu 1762, ndi Lindley Murray, amene lake linatuluka mu 1795, ankauza anthu momwe ayenera kulembera, ndipo nthawi zina ankadzudzula ngakhale alembi otchuka kuti analakwitsa. Njira yoyamba ndi ziganizo zenizeni inakhazikika pang'onopang'ono. Mu 1959 Randolph Quirk anayambitsa ntchito yotchedwa Survey of English Usage, imene inakhazikika ku University College London, ndipo gulu lake linkasonkhanitsa zolembedwa ndi zolankhulidwa, n'kumazisanthula pa timapepala tosungidwa m'makabati. Ku America, pa yunivesite ya Brown, Henry Kučera ndi W. Nelson Francis anasankha zidutswa 500 za nkhani zosindikizidwa m'chaka cha 1961, chilichonse cha mawu pafupifupi 2,000, n'kuzilowetsa m'kompyuta, ndipo zonse pamodzi zinakwana mawu 1 miliyoni. Nkhokwe ya ziganizo yotereyi akatswiri amaitcha corpus. Ya ku Brown inkaoneka yaikulu zedi pa nthawiyo, koma British National Corpus, imene inamalizidwa mu 1994, inali ndi mawu 100 miliyoni, ndipo gawo limodzi mwa magawo 10 linali la zolankhula pakamwa, zina zojambulidwa pa makaseti ndi anthu wamba pocheza kunyumba ndi kuntchito. Masiku ano pali nkhokwe za mawu mabiliyoni.

Chida chachikulu chofufuzira m'nkhokwe zimenezi si chachilendo kwa abusa ndi alaliki athu. Ambiri a iwo amadziwa konkodansi ya Baibulo, buku limene limasonkhanitsa mavesi onse amene muli mawu ena ake, monga lija Alexander Cruden analemba mu 1737. Kompyuta imachita zomwezo m'kanthawi kochepa. Munthu akalemba mneni "explain", imamubweretsera ziganizo mazanamazana, chilichonse pa mzere wake, mneniyo ali pakati penipeni, mawu a kumanzere ndi a kumanja akuoneka bwino. Akamawerenga mizereyo kuchokera pamwamba kutsika pansi, zimene zimabwerezedwabwerezedwa zimayamba kuonekera zokha: "explain why", "explain how", "explain that", "explain it to them". Sakumana ndi "explain them the matter" koma mwa apo ndi apo. John Sinclair wa pa yunivesite ya Birmingham ndiye anaikapo mtima kwambiri pa kawerengedwe kameneka. Ntchito yake ya COBUILD inayamba mu 1980 ndipo inatulutsa dikishonale mu 1987, imene zitsanzo zake zinatengedwa m'nkhokwe m'malo mopekedwa ndi olemba. Pambuyo pake Gill Francis, Susan Hunston ndi Elizabeth Manning anasanthula masanjidwe a aneni mu 1996 ndi a mayina ndi afotokozi mu 1998, ndipo njira imeneyi inadziwika ndi dzina lakuti pattern grammar. Maganizowa anali ndi mizu yakale, popeza A. S. Hornby, amene anaphunzitsa Chingerezi ku Japan ndipo dzina lake limapezeka pa madikishonale a Oxford amene ali m'malaibulale a sukulu zambiri, anali atagawa kale aneni m'magulu 25 potsata mawu amene amawatsatira. Chimene Hornby analibe ndi makina owerengera ziganizo mamiliyoni.

Nkhani ya "explain" ndi yofunika kuiona bwino, chifukwa imaonetsa komwe vuto lathu limachokera. M'Chichewa tili ndi msintho wa mneni womchitira, uja wa -ir- kapena -er-, umene umagwira pafupifupi pa mneni aliyense. Timati ndinamuphikira nsima, ndinamugulira mbuzi, ndinamufotokozera nkhaniyo, ndinamutsegulira chitseko, ndipo sitimaima kuti tiganize ngati mneniyo akulola kapena ayi. Chimang'anja ndi Chisena zimachitanso chimodzimodzi. Chingerezi chilibe msintho wotere. Chimene chili nacho ndi kasanjidwe koika munthu ndi chinthu motsatizana pambuyo pa mneni, monga "She gave me the money" kapena "He told us a story", koma kasanjidweka kamaloledwa ndi aneni ena okha. "Give", "tell", "show", "send", "buy" ndi "teach" amavomera, pamene "explain", "suggest", "describe", "donate" ndi "say" amakana, ndipo amafuna kuti munthuyo abwere pambuyo pa mperekezi "to". Akatswiri anaona kuti aneni ambiri okanawa ndi aataliatali amene analowa m'Chingerezi kuchokera ku Chilatini ndi Chifalansa, pamene ovomerawo ambiri ndi aafupi ndipo ndi akalekale m'chiyankhulocho. Zimenezi zimathandiza kukumbukira, ngakhale sizikwanira kukhala lamulo, chifukwa "offer" ndi "promise" amavomera, pamene "say", yemwe ndi wamfupi komanso wakale, amakana. Choncho mwana wa ku Makhanga amene walemba kuti "He explained me" sanachite mwaulesi kapena mwaumbuli. Watenga lamulo lolongosoka la chiyankhulo chake n'kuliika pamene silikwana, ndipo mphunzitsi amene akudziwa zimenezi amamuthandiza mwamsanga kusiyana ndi amene amangodula mzere wofiira.

N'chimodzimodzinso ndi "Borrow me your pen", popeza ife timati ndibwereke cholembera ndipo timatinso ndabwereka cholembera, mneni mmodzi akugwira mbali zonse ziwiri, pamene Chingerezi chimasiyanitsa "lend" wa wopereka ndi "borrow" wa wolandira, aliyense ndi kasanjidwe kake. "Discuss about" nayenso ali ndi mthunzi wa "kukambirana za".

Malo ena amene ophunzira amapunthwa kawirikawiri ndi pamene mneni akutsatiridwa ndi mneni mnzake. Kwa ife njira ndi imodzi: ndikufuna kupita, ndimakonda kusambira, ndasiya kusuta, anakana kulipira. Mneni wachiwiri amayamba ndi ku- basi. Chingerezi chili ndi njira zingapo, ndipo mneni woyamba ndiye amasankha. "Want", "decide", "refuse", "hope" ndi "manage" amatsatiridwa ndi "to", monga "They refused to move". "Enjoy", "avoid", "finish", "deny" ndi "mind" amafuna mneni wothera ndi -ing, monga "They avoided crossing the river". "Make" ndi "let" amafuna mneni wopanda chilichonse, n'chifukwa chake "The teacher made us to sweep" ndi cholakwika ngakhale chimamveka tsiku ndi tsiku, pamene "The teacher forced us to sweep" n'cholondola. Chodabwitsa n'chakuti chiganizo chomwecho chikatembenuzidwa, "to" amabwerera, n'kukhala "We were made to sweep". Palinso aneni ochepa amene amalola njira zonse ziwiri koma tanthauzo n'kusintha. "He stopped buying cotton" akutanthauza kuti analeka kugula thonje, pamene "He stopped to buy cotton" akutanthauza kuti anaima pa ulendo wake kuti agule thonje. "Remember to lock the kraal" ndi chenjezo la zimene munthu sanachite, pamene "I remember locking the kraal" ndi kukumbukira zimene zinachitika kale. Alimi a ng'ombe a ku Ngabu amadziwa kuti ng'ombe yokoka ngolo ili ndi inzake imene inazolowerana nayo pagoli, ndipo ukaimanga ndi ina ngolo siyenda bwino ngakhale zonse ziwiri zili zamphamvu. Mneni wa Chingerezi nayenso ayenera kuphunziridwa pamodzi ndi mnzake wa pagoli, osati payekha pa mndandanda wa mawu ndi matanthauzo.

Zikanakhala kuti nkhani yathera pamenepa, bwenzi tikunena kuti wophunzira alibe chochita koma kuloweza masanjidwe zikwizikwi, limodzilimodzi. Chimene ofufuza a ku Birmingham anapeza, ndipo kwa ine ndicho chokoma kwambiri pa ntchito yonseyi, n'chakuti mawu amene ali ndi kasanjidwe kofanana kawirikawiri amakhalanso ndi tanthauzo loyandikana. Taonani kasanjidwe ka mneni, munthu, "into", kenako mneni wa -ing, monga m'chiganizo chakuti "The vendor tricked the farmers into selling their cotton cheaply". Aneni amene amalowa m'kasanjidwe kameneka ndi monga "trick", "fool", "deceive", "force", "bully", "frighten", "pressure" ndi "talk", ndipo onsewa amanena za kuchititsa munthu chinthu chimene sanafune, mwachinyengo, moopseza kapena momunyengerera. Mneni "talk" payekha alibe tanthauzo lokakamiza, koma akangolowa m'chiganizo chakuti "She talked him into joining the cooperative" amakhala nalo, zimene zikusonyeza kuti tanthauzolo lili m'kasanjidwe komweko. Chitsanzo china ndi cha "way". Polemba za anthu othawa madzi osefukira, mtolankhani akhoza kunena kuti "They made their way to higher ground", "They pushed their way through the reeds" kapena "They paddled their way to Bangula", ndipo m'ziganizo zonsezi kasanjidweka kakunena za kuyenda movutikira kukafika penapake, mneni akungofotokoza momwe ulendowo unayendera. Wophunzira amene wagwira kasanjidwe kamodzi kotere wagwira aneni makumi angapo nthawi imodzi, ndipo akhoza kumvetsa ngakhale mneni amene sanakumanepo naye.

Nkhokwe zinaululanso chinthu china chimene ngakhale eni chiyankhulo sankachizindikira bwino, chakuti mawu ena amakonda kuyenda ndi zinthu zoipa ndipo ena ndi zabwino. Sinclair anaona kuti "set in", amene madikishonale akale ankangoti ndi kuyamba, amapezeka kawirikawiri ndi zinthu zosakondweretsa monga kuwola, kukhumudwa, mantha ndi nyengo yoipa. Michael Stubbs anasonyeza mu 1995 kuti mneni "cause" amatsatiridwa kwambiri ndi mawu onena za mavuto, imfa, kuwonongeka, ululu ndi matenda. N'chifukwa chake chiganizo chakuti "Cyclone Freddy caused great damage in 2023" chimamveka bwino, pamene "The new canal will cause development in the valley" chimamveka ngati wolembayo akudandaula ndi chitukukocho, ngakhale palibe lamulo la galamala limene laswedwa. Woyenera pamenepo ndi "bring" kapena "lead to". Mofananamo, "commit" amayenda ndi milandu ndi machimo. Palinso aneni ang'onoang'ono amene tanthauzo lawo limatsala pang'ono kuzimiririka akakhala pafupi ndi dzina, monga mu "make a mistake", "take a decision", "have a bath", "give a speech" ndi "do the dishes". Ife timati kupanga kapena kuchita, ndipo nthawi zambiri tikhoza kusinthanitsa, n'chifukwa chake "I did a mistake" imatuluka mosavuta. Apa palibe chifukwa chozama chimene mphunzitsi angapereke, koma kuti eni chiyankhulo anazolowera choncho, ndipo kuvomereza zimenezi pamaso pa ana n'kwabwino kusiyana ndi kupeka lamulo limene kulibe.

Kuwerenga kuchuluka kwa mawu kunabweretsanso zinthu zoyenera kuziganizira posankha zoyamba kuphunzitsa. M'nkhokwe ya ku Brown, mawu akuti "the" anapezeka pafupifupi maulendo 70,000, kutanthauza pafupifupi mawu 7 pa 100 alionse, ndipo otsatira anali "of" ndi "and". Mawu akuti "the", amene ali pamwamba pa onse m'Chingerezi, ndi omwewo amene Chichewa chilibe, popeza ife sitisiyanitsa "a" ndi "the" ndi timawu tapadera, ndipo n'zosadabwitsa kuti ngakhale anthu ophunzira kwambiri amavutika nato. Mu 1999 Douglas Biber ndi anzake anatulutsa galamala yaikulu yochokera m'nkhokwe ya mawu pafupifupi 40 miliyoni, imene inayerekeza mitundu inayi ya Chingerezi: cha pocheza, cha m'nkhani zopeka, cha m'nyuzipepala ndi cha m'mabuku a maphunziro apamwamba. Iwo anapeza kuti aneni 12 okha, amene ndi "say", "get", "go", "know", "think", "see", "make", "come", "take", "want", "give" ndi "mean", amakwana pafupifupi 45 pa aneni 100 alionse onyamula tanthauzo amene anthu amagwiritsa ntchito pocheza. Ana athu ambiri amalimbikira kuloweza mawu aataliatali kuti asangalatse wochonga mayeso, koma sadziwa masanjidwe onse a "get" kapena "take", amene akanawathandiza kulankhula ndi kumva Chingerezi cha tsiku ndi tsiku.

Kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti galamala imasintha potengera mtundu wa nkhani. Msintho wochitidwa, uja wa m'ziganizo monga "Houses were destroyed" ndi "Families have been displaced", umapezeka pa aneni pafupifupi 25 pa 100 alionse m'mabuku a maphunziro apamwamba, pafupifupi 15 m'nyuzipepala, koma pafupifupi 2 okha pocheza. Aliyense amene anawerengapo malipoti a madzi osefukira a mu January 2015 kapena a namondwe Ana mu January 2022 anakumana ndi ziganizo zotere mzere ndi mzere, chifukwa wolemba lipoti amafuna kuika patsogolo nyumba, minda ndi anthu amene akhudzidwa, ndipo chimene chinawononga chimadziwika kale. Ndipotu ziganizo zambiri zamtunduwu, pafupifupi 4 pa 5 zilizonse, sizitchula n'komwe wochitayo. Izi zikusiyana ndi zimene timachita m'kalasi, momwe ana amauzidwa kutembenuza "The boy kicked the ball" kuti ikhale "The ball was kicked by the boy", chiganizo chimene n'chovuta kuchimva pakamwa pa munthu. Zoterezi zimaphunzitsa kaumbidwe ka msinthowo koma siziphunzitsa chifukwa chimene mlembi amausankhira, ndipo chifukwacho ndicho mnyamata wolembedwa ntchito ya ukalaliki ku bungwe lothandiza anthu adzachifune tsiku limene adzauzidwe kulemba lipoti.

Nthawi ya mneni yothera ndi -ing nayonso imapatsidwa malo aakulu m'mabuku a oyamba kumene, mwina chifukwa n'njosavuta kuionetsa m'kalasi pouza mwana kuti aimirire n'kunena kuti "I am standing". M'ziganizo zenizeni, aneni pafupifupi 90 pa 100 alionse amakhala a mtundu wamba, monga "I know" kapena "she went". Kwa ife vutoli limakula chifukwa Chichewa chimagwiritsa ntchito -ku- ngakhale pa aneni onena za maganizo ndi zofuna: ndikudziwa, ndikufuna, ndikumva, ndikukhulupirira. Mwana amene anauzidwa kuti -ku- ndi -ing amalemba mosakayika kuti "I am knowing him" kapena "I am having three brothers". Nkhokwe zimaonetsa kuti aneni monga "know", "believe", "own", "belong" ndi "understand" sapezekapezeka ndi -ing, ndipo "have" amalola -ing pamene akunena za chochitika, monga "We are having lunch", osati za kukhala ndi chinthu.

Pali malamulo ena amene nkhokwe zinawagwetsa. Kuyambira nthawi ya John Dryden, amene mu 1672 anadzudzula kumaliza chiganizo ndi mperekezi, ana akhala akuuzidwa kuti zimenezi n'zolakwika, koma "Who did you go with?" ndicho Chingerezi cha masiku onse, ndipo alembi odziwika akhala akulemba choncho kwa zaka mazana. Lamulo loletsa kuyamba chiganizo ndi "and" kapena "but" silitsatiridwa ngakhale m'Baibulo la King James la mu 1611. Mlowam'malo "they" wakhala akuimira munthu mmodzi wosadziwika, monga mu "Someone has left their bicycle", kuyambira zaka za m'ma 1300. Kwa ife amene "iye" amaimira mwamuna ndi mkazi yemwe, zimenezi sizovuta kuzimvetsa.

Koma nkhokwe ili ndi malire ake, ndipo sibwino kuikhulupirira mopitirira muyezo. Noam Chomsky anatsutsa njira imeneyi kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ponena kuti ziganizo zosonkhanitsidwa sizingaimire chiyankhulo chonse, popeza munthu amatha kupanga ndi kumva ziganizo zimene sizinanenedwepo. Mfundo yake ili ndi choonadi, chifukwa chiganizo chikasowa m'nkhokwe sindiye kuti n'cholakwika. Chachiwiri, nkhokwe imangobweza zimene zinaikidwamo, ndipo funso lakuti ndi Chingerezi cha yani chimene chinaikidwamo ndi lalikulu kwa ife. Nkhokwe zoyambirira zinali za ku America ndi ku Britain. Ntchito ya International Corpus of English, imene anaiyambitsa Sidney Greenbaum, inafika ku Kenya ndi ku Tanzania, ndipo nkhokwe ya GloWbE ya Mark Davies, ya mawu pafupifupi 1.9 biliyoni ochokera pa intaneti, ili ndi mayiko 20, kuphatikizapo South Africa, Nigeria, Ghana, Kenya ndi Tanzania, koma Malawi mulibe. Nkhokwe zimenezi zimaonetsa kuti "discuss about" amalembedwa ndi anthu ambiri ophunzira m'mayiko a mu Africa ndi ku Asia, moti akatswiri ena amawaona ngati kasanjidwe ka Chingerezi cha m'madera amenewo osati kulakwitsa. Maganizo anga pa nkhaniyi ndi akuti mphunzitsi auze ana zoona zonse ziwiri. Awauze kuti kalankhulidwe kameneka n'kofala ndipo kali ndi chiyambi chomveka, choncho asachite manyazi ndi makolo kapena atsogoleri awo amene amalankhula motero, komanso awauze mosabisa kuti wochonga mayeso ndi wowerenga kalata yofunsira ntchito amayembekezera "discuss" wopanda "about". Kubisa mbali yachiwiriyi pofuna kukomera ana mtima n'kuwalakwira, popeza iwo ndi amene adzalipire.

Sukulu zambiri za ku East Bank kapena kumidzi ya ku Chapananga zilibe makompyuta okwanira kapena intaneti yodalirika, koma njira yophunzirira kuchokera m'ziganizo zenizeni siyidalira makina. Quirk ndi anzake anayamba ndi timapepala. Mphunzitsi amene ali ndi nyuzipepala zakale za The Nation kapena The Daily Times, mabuku a sayansi ndi a mbiri yakale, ngakhalenso timapepala ta malangizo a ulimi ndi a zaumoyo, ali ndi nkhokwe yaing'ono yokwanira kuyambirapo. Akhoza kugawa kalasi m'magulu, gulu lililonse n'kupatsidwa mneni mmodzi, monga "accuse", "prevent", "allow" kapena "blame", kuti lisake ziganizo 10 kapena 15 zimene muli mneniyo n'kuzikopera pa bolodi, mneniyo atandandalikidwa pakati. Ana akaona okha kuti "accuse" amatsatiridwa ndi munthu kenako "of", kuti "prevent" amatsatiridwa ndi munthu kenako "from" ndi mneni wa -ing, ndiponso kuti "allow" amafuna munthu kenako "to", amazikumbukira kwa nthawi yaitali kusiyana ndi zimene anangokopera m'kope. Nyuzipepala zathu nthawi zina zimakhala ndi masanjidwe a Chingerezi cha kuno, ndipo gulu likapeza ziganizo ziwiri zotsutsana, dikishonale ya ophunzira ndiyo imagamula, chifukwa ya Oxford, ya Longman, ya Cambridge ndi ya Collins COBUILD zonse masiku ano zimalembedwa mothandizidwa ndi nkhokwe, ndipo zimaonetsa masanjidwe ndi zilembo zakuda kwambiri pansi pa mawu alionse, monga "accuse somebody of something". Ana ambiri amawerenga tanthauzo lokha n'kutseka buku, osadziwa kuti zilembo zakudazo ndi zitsanzo zotsatira ndizo gawo lofunika kwambiri kwa munthu amene akufuna kulemba. Kope la mawu atsopano nalonso likhoza kusintha: m'malo molemba "depend" ndi tanthauzo lake, mwana alembe "depend on", atsatize chiganizo chonse chimene anachipeza, ndipo pansi pake alembe chiganizo chakechake cha kasanjidwe komweko chonena za kwawo, monga "Many families in Nsanje depend on fishing". Amene ali ndi foni ya intaneti akhoza kupitirira pamenepa pofufuza mu British National Corpus kapena mu Corpus of Contemporary American English, zimene munthu amatha kuzigwiritsa ntchito atalembetsa dzina, ndipo mphunzitsi mmodzi akakopera mizere 20 ya mneni mmodzi pa pepala, imakwanira phunziro lonse la kalasi ya ana 80.